Kapepala ka timizere m'buku lanu la kuchipatala

Ana inu, pemphani amayi akuonetseni buku lanu la kuchipatala. Ngati munadwalapo n'kupita ku Kamuzu Central kapena ku Bwaila, mwina mupezamo kapepala komatidwa, kolembedwa dzina lanu ndi tsiku lobadwa, pansi pake pali timizere takuda toimirira. Kalaliki akatiloza ndi kamakina kowala mofiira, kamalira kuti tii! Pomwepo dzina lanu latulukira pakompyuta. Kodi yakudziwani bwanji?

Kompyuta payokha ilibe nzeru. Imangotsata malangizo amene munthu anakhala pansi n'kulemba mzere ndi mzere: ukaona nambala iyi, funafuna dzina lake, ukalipeza, lionetse. Malangizo amenewa amatchedwa khodi, ndipo akasonkhanitsidwa pamodzi ndiye pulogalamu.

Makampani ambiri amabisa khodi yawo. Amakugulitsani chilolezo chogwiritsa ntchito pulogalamuyo, koma kusuzumira m'kati ayi, kusintha kanthu ayi, kugawirako mnzanu ayi. Tangoganizani njinga ya kabaza yoti tcheni chikaduka palibe wololedwa kuchilumikiza koma fakitale ya kutsidya kwa nyanja kokha. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo uja, ndi masipanala ake onse, angoyang'ana. Koma alipo mapulogalamu ena amene eni ake anati, "Nayi khodi yonse. Iwerengeni, ikonzeni, isintheni, mugawirenso ena." Amenewa ndiwo amatchedwa open source, mapulogalamu otseguka.

Mmodzi mwa amene anayambitsa maganizowa ndi Richard Stallman wa ku America. Pa yunivesite ya MIT, kumene ankagwira ntchito, panali makina osindikizira amene mapepala ankakodwamo kawirikawiri. Iye ankafuna kusintha pulogalamu ya makinawo kuti izichenjeza anthu, koma anamukaniza khodi. Zinamupweteka mumtima, ndipo mu 1983 analengeza ntchito yopanga mapulogalamu oti aliyense akhale nawo ufulu. Mu 1991 wophunzira wina wa ku Finland wazaka 21, Linus Torvalds, anayamba kulemba Linux n'kuiika poyera kuti ena amuthandize. Lero foni iliyonse ya Android ili ndi Linux m'kati mwake, ngakhale ija ya achimwene anu imene mumabwereka kuti museweretse magemu.

Tsopano tibwerere ku Lilongwe konkuno, pakuti nkhani yokoma ili pafupi ndi kwanu.

Mu 2001, pachipatala cha Kamuzu Central, chimene nthawi imeneyo chinkatchedwa Lilongwe Central, bungwe la Baobab Health linayamba kulembetsa odwala pakompyuta. Analiyambitsa ndi Gerry Douglas, amene anafika m'Malawi muno kudzagwira ntchito yodzipereka ku Unduna wa Zaumoyo. Ndalama zinali zochepa. Ndiye anagula timakompyuta totchedwa i-Opener, timene ku America tinali titasiya kuyenda malonda, n'kutikonza kuti munthu azingodina ndi chala pagalasi. Ichi chinali chanzeru kwambiri, chifukwa anamwino ndi makalaliki ambiri anali asanagwirepo kompyuta. Mabatani ake anali akuluakulu, funso limodzi panthawi imodzi: dzina, mudzi, mfumu yaikulu. Akamaliza, kamakina kena kankalavula kapepala ka timizere kaja, n'kukamata m'buku.

Mu 2006 njira yomweyi inayamba kuthandiza anthu olandira ma ARV ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kenako inafalikira m'zipatala zambiri. Munthu akafika, namwino ankaona pomwepo kuti anatenga liti mankhwala, analemera makilogalamu angati, ndiponso ayenera kubweranso liti, popanda kufukula mulu wa mafayilo.

Chimene chimandisangalatsa ine kuposa zonse ndi ichi: ntchito yaikulu yolemba khodiyo anaigwira anyamata ndi atsikana a Chimalawi. Anamangira pa zipangizo zotseguka monga Linux, MySQL ndi Ruby on Rails, zimene sanalipire chilolezo. Unduna ukasintha ndondomeko ya mankhwala, iwo ankasintha pulogalamuyo konkuno. Magetsi akamathimathima, ankalumikiza makinawo ku mabatire. Ankadziwa kuti agogo ambiri sakumbukira tsiku lenileni lobadwa, choncho anaika poti kalaliki angolemba zaka zongoyerekeza. Munthu wokhala kutali, amene sanaimepo pamzere wa ku Bwaila m'mawa wa Lolemba, sakanaziganizira msanga zimenezi.

Tsopano tipite ku Capital Hill. Kumeneko, ku likulu la Unduna wa Zaumoyo, amagwiritsa ntchito pulogalamu ina yotseguka yotchedwa DHIS2. Mwezi ndi mwezi maboma onse, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, amalowetsamo chiwerengero cha ana obadwa, olandira katemera ndi odwala malungo. Imatsogoleredwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndipo ikugwira ntchito m'mayiko oposa 70. Wina akakonza cholakwika ku Tanzania, ifenso timapindula, ndipo iye sataya kanthu, chifukwa khodi siitha poigawa.

Nanga ndalama zikulowa pati? Mwamvapo akuluakulu akudandaula kuti madola akusowa, mpaka magalimoto kugona pamzere wa mafuta. Zilolezo za mapulogalamu obisa khodi zimalipiridwa ndi madola omwewo, ndipo zambiri chaka ndi chaka. Ndalama imene sinapite kunja ikhoza kugula mankhwala, kapena kulipira Mmalawi wodziwa khodi, iye n'kukagula tomato mumsika wa Tsoka ndi kulipirira mlongo wake fizi.

Komabe musaganize kuti zonse n'zaulere. Kompyuta imagulidwa, magetsi ndi bandulo zimalipiridwa, ndipo wokonza pulogalamu amafunika malipiro. Pulogalamu yotseguka ikasowa woisamalira imakalamba n'kuyamba kuvuta. N'chifukwa chake dziko lathu likufunika ana ambiri odziwa kuwerenga ndi kulemba khodi. Ndipo musade nkhawa: chotseguka ndi malangizo a pulogalamu, osati mbiri ya matenda anu. Imeneyo ndi chinsinsi, ndipo imatetezedwa ndi mawu achinsinsi.

Mukufuna kuyesa? Pemphani aphunzitsi kapena makolo akuikireni Scratch, pulogalamu yotseguka yopangira ana, yochokera ku MIT komwe kuja. Ikaikidwa pakompyuta imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Mumakoka timabokosi tamitundumitundu n'kutilumikiza kuti kamphaka kayende, kadumphe kapena kalankhule Chichewa. Tsiku limene muli ndi bandulo, tsegulani gemu imene mwana wina anapanga, mudine batani lolembedwa "See inside". Muona malangizo ake onse. Sinthani nambala imodzi, mwachitsanzo 10 ikhale 50, kenako muone mmene gemuyo ikuthamangira.