Mafuta a Rosehip: Kodi Aposadi a Mpendadzuwa?

Miyezi ya June ndi July ikafika, mphepo yozizira imaumitsa khungu. Ku Chalimbana m'boma la Chongwe, monganso m'makomboni a mu Lusaka, ana amatuwa mbuu, milomo imasweka, ndipo amai amene acapa ndi kutunga madzi tsiku ndi tsiku amacita ming'alu kumapazi. Ndiyo nthawi imene ogulitsa zodzola amatamanda kwambiri timabotolo ta mafuta ochedwa rosehip. Musanatulutse ndalama ya ndiwo, dziwani cimene mugula.

Rosehip ndi kacipatso kofiira ka mtengo wa rozi wa kuthengo. Mafuta ake amayengedwa kucokera ku njere, ndipo ambiri acokera ku Chile ndi ku Lesotho, kumene mitengoyi imera yokha m'mapiri ozizira. Ulendo wautaliwo ndi cimodzi mwa zifukwa zimene kabotolo kang'ono kadulira.

Nchito yake ndi iyi. Khungu la munthu lili ndi mafuta akeake amene amatsekera madzi kuti asatuluke m'thupi. Sopo wocapira zovala, madzi otentha ndi mphepo youma zimacotsa mafutawo, ndipo khungu limayamba kuyabwa ndi kung'ambika. Kuti libwerere mwakale lifuna mtundu wa mafuta umene madokotala amaucha linoleic acid. Mu rosehip muli pafupifupi magawo 4 kapena 5 mwa 10 a mtunduwu, motero amafewetsadi khungu. Ili si bodza.

Koma mafuta a mpendadzuwa, amene ambiri timati sanifulawa, ali nawo pafupifupi magawo 6 mwa 10. Awanso ndiwo anayesedwa bwino m'zipatala. Kufufuza kwa ku Egypt mu 2004 ndi kwa ku Bangladesh mu 2005 kunaonetsa kuti ana obadwa masiku asanakwane, amene anadzozedwa mafuta a mpendadzuwa, sanali kutenga matenda kwambiri monga anzao osadzozedwa. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linalola kuti ana otere angathe kudzozedwa mafuta a mpendadzuwa kapena a kokonati. Za makanda ofooka conco musayambe nokha, funsani anamwino. Koma ngati mafutawa athandiza khungu lanthete lotere, miyendo ya mwana wa sukulu singawakanike.

Ogulitsa ena amati mu rosehip muli vitamini C wambiri. Vitaminiyo ali mu mnofu wa cipatso, ndipo amasungunuka m'madzi, osati m'mafuta, m'botolo mulibe. Zoti acotsa zipsera ndi makwinya zinayesedwa pa anthu ocepa cabe. Ndiponso mafutawa sacedwa kuonongeka akakhala padzuwa kapena pamalo otentha. Akayamba kununkha moipa, atayeni.

Cenjerani makamaka ndi botolo lolonjeza kuyeretsa nkhope. Palibe mafuta a mbeu amene amasintha mtundu wa khungu. Ngati mwayamba kuyera pa masabata awiri, ndiye kuti muli mankhwala ena obisika, kaya hydroquinone, kaya steroid, kaya mercury. Hydroquinone ukamugwiritsa nchito nthawi yaitali amasiya mawanga akuda osacoka, ndipo dziko la South Africa linamuletsa m'zodzola mu 1990. Steroid amapepusa khungu mpaka mitsempha kuonekera. Mercury amaononga impso, ndipo mai wapakati amampatsirako mwana ali m'mimba.

Pogula saladi yodzola werengani cizindikiro ca pabotolo, cifukwa ina ndi yosakaniza ndi mafuta a mbeu zina. Imene mwakazingira kale nsomba kapena vitumbuwa musaiyandikize kuthupi. Poyamba pakani pang'ono mkati mwa mkono, mudikire masiku awiri; pakafiira kapena kuyabwa, lekani. Dzolani mutangosamba, thupi likali lonyowa, madontho owerengeka cabe. Pa ming'alu ya kumapazi onjezani Vaseline usiku ndi kuvala masokosi.

Mafuta alionse, odula kapena ochipa, sapoletsa mphere kapena zipere, ndipo sayenera kupakidwa pa cilonda ca moto. Zotere pitani nazo ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca boma ku Chongwe. Odwala matenda a shuga akaona mng'alu wosapola kuphazi apite tsiku lomwelo.