Magetsi abwera, seva yayaka, koma ntchito yaima

Magetsi akazima usiku n'kubweranso m'bandakucha, seva ya mu ofesi imatha kuyaka yokha, timagetsi take n'kumaphethira bwinobwino. Koma m'mawa ogwira ntchito amapeza pulogalamu ya malipiro ikukana kutseguka. Seva sinawonongeke ayi. Makompyuta okhala m'kati mwake ndiwo sanadzuke.

Masiku ano seva imodzi yamphamvu imagawidwa kukhala makompyuta angapo osaoneka ndi maso, omwe akatswiri amawatcha ma virtual machine. Ina imasunga database, ina maimelo, ina mafayilo. Seva yeniyeniyo ndi mwini nyumba, enawo ndi alendo, ndipo mlendo sadzuka yekha pokhapokha mwini nyumba atauzidwiratu kuti azimudzutsa.

Kumuuzako si ntchito yaikulu. Pa Linux, pomwe ambiri amagwiritsa ntchito KVM, yomwe inalowa mu kernel m'chaka cha 2007, munthu amangolemba virsh autostart n'kutsatiza dzina la makinawo. Proxmox, Hyper-V ya Microsoft ndi VMware ESXi nazonso zili ndi malo osankhira zomwezi.

Pofunika kudekha ndi pa ndondomeko ya kadzukidwe. Onse akayaka nthawi imodzi amalimbirana disiki ndi memory, seva n'kuyamba kukwawa. Choipa kwambiri n'chakuti pulogalamu yodalira database ikayaka database isanakonzeke, imafunafuna, n'kuisowa, n'kugwa. Kunja zimaoneka ngati zonse zikuyenda, pomwe kasitomala waima pamzere. N'chifukwa chake Proxmox ndi ESXi zimalola kupereka nambala kwa makina aliwonse ndi kuika masekondi odikira pakati pawo. Database iyambe, ipatsidwe mphindi imodzi kapena ziwiri, kenaka zodalira iyo zitsate. Makina ongoyeserapo zinthu asiyidwe ogona, asadye mphamvu pachabe.

Kuno kwathu nkhaniyi si yoitenga mwachibwana. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri. Chosungira magetsi cha UPS chimathandiza, koma batire lake limatha.

Chinanso chimene ambiri amaiwala chili mu BIOS, momwe muli malamulo a kayakidwe ka seva: seva yeniyeniyo iyenera kuuzidwa kuti iziyaka yokha magetsi akabwera, apo ayi zonse zija n'zopanda ntchito. Woyang'anira makina asankhe Loweruka masana anthu ataweruka, azimitse seva mwadongosolo, aichotse ku magetsi, aibwezere, ndipo aone ndi maso ake kuti ayaka ndi ati, atsala ndi ati.