Woyamba Asathamangire Zolemera

Masewero olimbitsa thupi a CrossFit, amene Greg Glassman adakhazikitsa ku California m'chaka cha 2000, ali ndi chiyeso chotchedwa Murph: kuthamanga makilomita 1.6, kudzikoka pachitsulo ka 100, mapushapu 200, kunyonyomala ka 300, kenaka kuthamanganso mtunda womwewo. Amuna okhwima amachita zonsezi atavala chovala cholemera makilogalamu 9.

Woyamba kumene asayerekeze dala. Aphunzitsi amayamba am'patsa ndodo yapulasitiki m'malo mwa chitsulo, kufikira msana ndi mawondo zitazolowera kapindidwe koyenera. Kulemera ndi liwiro zimadza pambuyo. Chovuta n'chakuti mnzako wapambali akanyamula zambiri, manyazi amakugwira. Komatu wodzikakamiza mopyola muyeso amatha kuphwanya minofu, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, impso n'kufooka, iye n'kukagonekedwa m'chipatala.