Mwana Wocedwa Kukula: Nzeru za ku Yunivesiti ndi Manja a Pamudzi

Pafupifupi m'mudzi uliwonse ndi m'komboni iliyonse muli nyumba imene anthu amaidziwa bwino koma sakonda kuikamba. M'nyumbamo muli mwana amene wafika zaka 5 asanayambe kulankhula, kapena mnyamata wa zaka 10 amene khosi lake silinalimbe, kapenanso mtsikana amene wabwereza Giredi 1 katatu kufikira aphunzitsi atamtaya mtima. Amai a mwanayo sapezeka kawirikawiri kumaliro, kumsika kapena ku Misa, osati cifukwa ca ulesi ai, koma cifukwa alibe womusiyira mwana. Ena mwa amai otere anathawidwa ndi amuna ao, amene pocoka anati matenda amenewa kwao kulibe.

Banja lotere lisowa zinthu ziwiri. Lisowa munthu wophunzira woti alifotokozere cimene cavuta ndi cimene cingacitike, ndiponso lisowa anansi oti alithandize kusenza mtolo wa tsiku ndi tsiku. M'dziko lathu la Zambia zonse ziwiri zilipo, koma nthawi zambiri sizikumana.

Kodi vutoli licokera kuti?

Madokotala amati mwana ali ndi vuto la kakulidwe pamene bongo wake unavulala kapena unakula mosiyana, asanabadwe, pobadwa kapena ali wakhanda, kotero kuti amacedwa kukhala, kuyenda, kulankhula kapena kugwira zimene aphunzitsidwa. Mavutowa ali amitundumitundu. Pali cerebral palsy, imene imaumitsa kapena kulefula ziwalo. Kawirikawiri imadza pamene mwana wabadwa masiku asanakwane, wacedwa kupuma pobadwa, wadwala cikasu cacikulu m'masiku oyamba, kapena wagwidwa ndi malungo a m'bongo ndi matenda oumitsa khosi. Pali Down syndrome: m'maselo a thupi la munthu mumakhala makromozomu 46, amene amanyamula cibadwa ca makolo, koma mwana wotere ali nao 47, ndipo palibe cimene atate kapena amai anacimwa kuti zitero. Palinso autism, imene imacititsa mwana kuvutika kuceza ndi anzake, kubwerezabwereza kacitidwe kamodzi ndi kusautsidwa kwambiri ndi phokoso. Mowa womwedwa ndi amai oyembekezera ndi kusowa kwa ayodini m'zakudya nazonso zimabweza nzeru za mwana.

Pa zonsezi palibe ufiti, palibe cigololo ca amai, palibe kukhwimira cuma, ndipo palibe ciliconse copatsirana. Mai woyembekezera amene wanyamula mwana wolemala wa mnansi wake sadzabala wolemala cifukwa ca ico. Ngakhale khunyu, imene imagwira ambiri mwa ana otere, sipatsirana ndi malovu, ndipo mankhwala a kucipatala amaicepetsa mphamvu.

Makolo ayenera kukhala maso. Ngati mwana wafika miyezi 9 osakhala yekha, miyezi 18 osayenda, kapena zaka 2 osachula mau omveka, mwina cabe wangocedwa monga acitira ana ena, komabe nkofunika kuwauza anamwino a kusikelo mosabisa. Bongo wa mwana wamng'ono uli ngati dothi lofewa. Cithandizo coyamba msanga cimapindula koposa cobwera mwana atakula.

Zimene akuluakulu a ku Katete anaphunzitsa yunivesiti

Anthu ambiri amaganiza kuti yunivesiti ndi malo a ana a anthu olemera, opanda cocita ndi mwana wosatha kulemba dzina lake. Koma nkhani ya ana amenewa yafufuzidwa kwa zaka zambiri pa Yunivesiti ya Zambia ku Lusaka. Mmodzi mwa amene anaigwirira nchito ndi Profesa Robert Serpell, katswiri wa za maganizo a munthu, wobadwira ku England, amene pambuyo pake anatsogolera yunivesitiyo kucokera mu 2003 kufikira mu 2006.

M'zaka za m'ma 1970 iye ndi anzake anapita kumidzi ya Acewa m'boma la Katete. M'malo moyamba ndi mayeso a kusukulu, anafunsa akuluakulu a pamudzi kuti: ngati patagwa nchito yakutiyakuti yofuna mutu, mwa ana awa mungatume uti, ndipo cifukwa ninji? Mayankho ao anasonyeza kuti kwa Acewa mau akuti nzeru ali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kucenjera, ndiko kugwira zinthu msanga. Mbali yaciwiri ndi kutumikira: kumvera, kutumika ndi kukhulupirika. Mwana wocenjera koma wosatumika akuluakuluwo sanamuwerengere kuti ali ndi nzeru zokwanira. Zimenezi zinalembedwa m'buku lochedwa The Significance of Schooling, limene linasindikizidwa mu 1993.

Phunziro limeneli ndi lamtengo wapatali kwa makolo a mwana wocedwa kugwira zinthu. Sukulu imayesa makamaka mbali yoyamba, ndipo pamenepo mwanayo amagwa caka ndi caka. Koma pa mbali yaciwiri khomo lili lotseguka. Mtsikana wa Down syndrome angathe kuphunzira kutsuka mbale, kusesa pabwalo, kusankha nyemba ndi kulonjera alendo mwaulemu. Mnyamata amene masamu anamkanika angathe kudyetsa nkhuku ndi kuthirira ndiwo kudimba mokhulupirika kuposa anzake ocenjera. Pa muyeso wa makolo athu, ana otere sali opanda nzeru, ndipo amene amawachula kuti zitsiru kapena zidzete wasiya mwambo wa kwao.

Waya, pensulo ndi dothi

Kafukufuku wina wa Profesa Serpell, wofalitsidwa mu 1979, anayerekeza ana a ku Zambia ndi a ku England powapatsa zithunzi ndi maonekedwe oti atsanzire. Pogwiritsa nchito pensulo ndi pepala, ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a ku Zambia, ozolowera kupanga magalimoto a mawaya, anapambana. Poumba ndi dothi, onse anafanana. Tanthauzo lake nlakuti mayeso angathe kunamizira mwana ngati amuyesa ndi cida cimene sanacigwirepo.

Kucokera m'maganizo otere munabadwa mayeso a dzina la m'cinenero cathu, Panga Munthu. Mwana amapatsidwa dothi loumbira nauzidwa kuti apange munthu, ndipo woyesa amayang'ana ziwalo zimene mwanayo waika ndi m'mene wazilinganizira, poyerekeza ndi ana ena a msinkhu wake. Motero ngakhale mwana wa kumudzi amene sanapondepo m'kalasi angathe kuyesedwa mwacilungamo. Colinga ca kuyesa kulikonse sikum'mata mwana dzina ai, koma kudziwa zimene atha kale ndi cimene angaphunzire pambuyo pake.

Kucoka m'kalasi kufika pakhomo

Dziko lathu linayamba kale kuphunzitsa ana osaona, pa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata mu 1905. Koma ana a vuto la nzeru anakumbukiridwa mocedwa. Mu 1971 ku Lusaka kunatsegulidwa koleji ya aphunzitsi a ana olemala, imene lero ichedwa ZAMISE, ndipo Yunivesiti ya Zambia nayonso imaphunzitsa aphunzitsi otere kufikira pa digiri. Pambuyo pa 1981, caka cimene bungwe la United Nations linapatulira anthu olemala, boma linatumiza timagulu m'maboma kukafunafuna ana olemala, ndipo akatswiri a pa yunivesiti anathandiza pa nchitoyo. Cimene cinaonekera poyera ndi ici: masukulu apadera sangakwanire ana onse, ndipo mphunzitsi woyamba wa mwana wolemala ndi amene amamsambitsa ndi kumdyetsa. Cotero nzeru za akatswiri ziyenera kunyamulidwa kufika pakhomo.

Citsanzo ca masiku ano ndi nchito yochedwa Kusamala+, imene inayambika cakumapeto kwa zaka za m'ma 2010 m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi Misisi mu Lusaka. Aphunzitsi a St. Catherine University, yunivesiti ya Cikatolika ya ku Minnesota m'dziko la America, anagwirizana ndi bungwe la Catholic Medical Mission Board. Iwo sanamange cipatala catsopano. Anaphunzitsa anthu odzipereka a m'makomboni momwemo kuti aziyendera mabanja, kusonyeza makolo zocita ndi mwana panyumba, kusonkhanitsa ana kuti asewere pamodzi, ndi kulankhula m'machalichi za kuipa kwa tsankho. Mbali ya yunivesiti inali kukonza maphunziro ndi kufufuza ngati nchitoyo ikupindula. Mbali ya anthu a m'komboni inali miyendo, cinenero ndi kudziwa khomo lililonse.

Ku Bauleni, mu Lusaka momwemo, Asisitere a Sacred Hearts of Jesus and Mary anakhazikitsa sukulu imene ana olemala ndi osalemala amaphunzira pamalo amodzi. Kumeneko amalandira ngakhale ana amene ali osamva ndi osaona pamodzi, amaphunzitsa acinyamata nchito za manja, ndipo ana osatha kufika kusukulu amayenderedwa kunyumba.

Zimene alendo otere amaphunzitsa pakhomo ndi zazing'ono koma zopulumutsa moyo. Mwana wa cerebral palsy asadyetsedwe cogona, pakuti cakudya cingalowe m'mapapo ndi kumdwalitsa cibayo. Akhazikidwe tsonga, mutu wowerama pang'ono, napatsidwa phala lolimbirako pang'onopang'ono. Ziwalo zake ziongoledwe tsiku ndi tsiku monga asonyezera a fiziyo kucipatala, ndipo asagonekedwe mbali imodzi tsiku lonse. Mwana wocedwa kugwira zinthu aphunzitsidwe nchito imodzi m'zidutswa: lero kugwira sopo, mawa kupaka m'manja, mkuja kutsukuluza, ndipo ayamikiridwe pa ciliconse cimene wakhoza. Wosalankhula angathe kuphunzira kuloza kapu pofuna madzi. Zonsezi zifuna cipiriro, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Cimene lamulo linena

Dziko la Zambia linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu olemala, limene liletsa kuwasala pa maphunziro, pa cithandizo ca kucipatala ndi pa nchito. Bungwe la boma la ZAPD limalembetsa anthu olemala ndi kuwapatsa khadi. Pa ndalama za Social Cash Transfer, banja losauka limene lili ndi munthu wolemala kwambiri limalandira ndalama zoculukirapo poyerekeza ndi mabanja ena, ndipo kufunsa za izi kumayambira ku ofesi ya Social Welfare ya m'boma lanu. Kucokera mu 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere kufikira ku sekondale, ndipo mwana wolemala ali nao ufulu womwewo.

Komabe lamulo silidziyendera lokha. Mai amene sadziwa kuwerenga, ndipo sangasiye mwana yekha, sadzafika ku ofesi ngati palibe womuperekeza. Njira imayambira pa kiliniki ya kwanu, imene imatumiza ku cipatala ca boma kapena ca mishoni, monga Chipata Central kapena St. Francis ku Katete, ndipo pa mavuto aakulu ku UTH mu Lusaka. Pa sitepe iliyonse pafunika ndalama ya ulendo ndi msana wina wobereka mwana.

Mbali ya mphakati

Apa ndi pamene mphakati uli ndi mphamvu imene yunivesiti ilibe. Profesa sadziwa nyumba imene mwana amatsekeredwa amai akapita kumunda, ife tiidziwa. Coyamba, atsogoleri a mphakati adziwe mabanja otere ndi kuwayendera, osati kukamvera cisoni pakhomo, koma kukafunsa cimene asowa. Caciwiri, amai a mabungwe a m'parishi angathe kugawana masiku, kuti kamodzi pa sabata mai wa mwanayo apeze maola atatu opita kumsika, kucigayo kapena kungogona tulo. Cacitatu, mmisiri wa matabwa wa mumphakati angathe kukhoma kampando kocirikiza msana ndi mutu, atafunsa muyeso kwa a fiziyo. Cacinai, azibambo alankhule ndi bambo mnzao amene afuna kuthawa banja, pakuti mau a mwamuna mnzake amamlowa msanga. Ndipo ana athu tiwalole kusewera ndi mwanayo, cifukwa mwana amaphunzira kulankhula pakati pa anzake.

M'chalichi namonso tiyenera kudziyang'ana. Mwana wa autism akapfuula pa Misa, maso onse amatembenukira kwa amai ake, ndipo Sondo yotsatira malo ao amakhala opanda munthu. Pa za masakramenti, buku lotsogolera katekisimu limene Roma anatulutsa mu 2020 linena momveka kuti anthu olemala, ngakhale kwambiri, asamanidwe masakramenti. Cimene Eklezia afuna kwa mwana wolandira Ukaristia ndi kuti azindikire, monga mwa mphamvu zake, kuti ici si cakudya wamba, ndipo angasonyeze zimenezi ndi manja, ndi nkhope kapena ndi ulemu wake. Akatekisiti asamuimitse pakhomo cifukwa walephera kuloweza mayankho. Akambirane ndi abambo mfumu ndi makolo za njira yomukonzekeretsa. Tikumbuke kuti pa Yohane 9, ophunzira atafuna kudziwa amene anacimwa kuti munthu abadwe wosaona, Ambuye anakana kuloza cala munthuyo kapena makolo ake.

Pali funso limodzi limene limasowetsa tulo makolo onse a ana otere: ife tikadzafa, adzamsunga ndani? Yunivesiti ingathe kuyesa mwana ndi kuphunzitsa aphunzitsi ake, boma lingathe kupereka khadi ndi ndalama, koma funso ili lingayankhidwe ndi acibale ndi anansi okha. Mwana amene wakulira kuseri kwa citseko adzakhala mlendo kwa onse pa tsiku la maliro a amai ake. Koma amene mudzi wonse umdziwa dzina, umdziwa cimene akonda ndi cimene amaopa, ndipo unazolowera kumtuma, sadzasowa khomo lolowapo. Pa msonkhano wa mphakati wa mwezi uno, wina aimirire ndi kufunsa kuti: kodi ndi ana ati a m'dera lathu amene sitinawaonepo pano?