Sukulu ya ku Kawaza ndi Ndalama Zoiyendetsera

Ana inu, ndi inu aphunzitsi, lero titsikira ku chigwa cha Luangwa m'boma la Mambwe, kumudzi wa Kawaza, m'dziko la Mfumu Nsefu. Tifuna kuona zimene zimachititsa mwana wa kumeneko kukhoza kapena kulephera mayeso.

Tiyambe ndi njala. Akunda a ku Kawaza ndi alimi a chimanga, mapira ndi thonje, koma minda yawo inayandikana ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972. Njovu zikalowa m'munda usiku umodzi wokha, chakudya cha chaka chonse chapita. Mwana amene wachezera kuimba zitini kuti athamangitse njovu amafika m'kalasi maso ali psuu, ndipo masamu samveka. Dzinja likafika timitsinje timasefukira, njira zonse matope okhaokha, ana ang'ono nakhala pakhomo. Musaiwalenso kuti kunyumba mwanayo amalankhula Chikunda, pamene mabuku ake ndi a Chinyanja ndi Chingerezi. Mwana wotere si mbuli, aphunzitsi. Ali ndi mitolo iwiri pamutu.

Nanga ndalama zimachokera kuti? Mu 2002 boma la a Levy Mwanawasa linathetsa malipiro kuyambira Giredi 1 mpaka 7. Mu 2022 boma la a Hakainde Hichilema linafikitsa maphunziro aulere ku Giredi 12, nililemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana amene umphawi unawatsekera pakhomo anabwerera mwaunyinji m'dziko lonse, kotero kuti madesiki ndi zipinda zinachepa. Chaka chomwecho thumba la chitukuko la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zina mwa ndalamazo zinagula madesiki.

Kawaza ali ndi chitsime china. Mu 1997 anthu a pamudzipo anayamba kulandira alendo odzaona nyama, kuwagoneka m'nyumba zaudzu ndi kuwadyetsa nsima, gawo lina la ndalama nilipita kusukulu. Kampani ya Robin Pope Safaris nayo inathandiza kumanga zipinda zophunziriramo ndi kulipira aphunzitsi ena. Chitsimechi n'chabwino, koma chimadalira alendo a kutali. Mu 2020 matenda a Covid-19 atatseka maulendo a ndege, misasa ya alendo m'chigwamo inakhala pululu, ndipo makolo ambiri ogwira ntchito m'menemo anabwerera kumudzi chimanjamanja.