GPS ikalephera kupeza mudzi, yambani mwafufuza mapu

Mlangizi wa fodya amene watumidwa kukayendera alimi kwa Mfumu Yaikulu Kaomba m'boma la Kasungu angathe kuima pamphambano, GPS ya m'manja ikusonyeza bwinobwino pamene waima, koma akalemba dzina la mudzi umene akupita, kachipangizoko n'kuyankha kuti palibe chimene kapeza. Zikatero ambiri amathamangira kunena kuti makina afa kapena netiweki yavuta. Kawirikawiri sizikhala choncho, ndipo kusadziwa gwero la vutoli kumatayitsa tsiku ndi mafuta, makamaka nyengo imene feteleza wa ngongole ayenera kufika kwa mlimi mvula isanakhazikike, kapena pamene galimoto ikusakasaka chigafa kuti inyamule mabelo opita ku okushoni ya Chinkhoma.

Ntchito ziwiri zosiyana

GPS ya m'manja sidalira netiweki ya foni. Imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti amene amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kumwamba, ndipo ikamva anayi imatha kuwerengera pamene munthu ali. Chimene imapeza ndi manambala okha. Mwachitsanzo, tauni ya Kasungu ili pa madigiri 13 kummwera ndi 33 kummawa.

Mayina a misewu, midzi ndi sukulu sachokera kumwambako. Amakhala m'mafayilo a mapu amene anaikidwa m'kachipangizoko kapena pa kakhadi kosungira zinthu. Fayilo ya mapu imakhala ndi chithunzi chimene munthu amaona, komanso mndandanda wa mayina umene makina amawerenga akauzidwa kuti afufuze. Mapu ena, makamaka osonyeza mapiri, madambo ndi mitsinje, amapangidwa opanda mndandanda wa maadiresi. Apa dzina limaoneka pa galasi koma kulifufuza silipezeka, monga buku limene masamba ake onse alipo koma tsamba la zam'kati linathothoka.

Mapu akachuluka

Zipangizo zofala monga eTrex ndi GPSMAP za kampani ya Garmin zimabwera ndi mapu oyambira osonyeza matauni ndi misewu ikuluikulu ngati M1. Eni ake amawonjezera ena: ogula monga a Tracks4Africa, aulere ochokera ku OpenStreetMap, kapenanso a kuntchito osonyeza malire a minda. Mapu awiri kapena atatu a dera limodzi akayatsidwa nthawi imodzi amasanjikizana. Pa galasi pamaoneka amene ali pamwamba, pamene kufufuza kungawerenge mndandanda wa ena, kapena kutulutsa dzina limodzi kawiri pa malo osiyana.

Palinso vuto lina lobisika. Mapu alionse ali ndi nambala yake imene makina amawazindikira nayo. Mafayilo awiri akakhala ndi nambala yofanana, makina amasokonezeka ndipo ena mwa mapuwo saoneka. Izi zimachitika kwambiri munthu akaika mapu atsopano osachotsa akale a mtundu womwewo.

Choyamba kuchita ndicho kulowa pa Setup, kenako pa Map, ndi kuzimitsa mapu onse kupatula amodzi. Kuzimitsa si kufufuta, mafayilo amakhala momwemo. Akatero munthu ayese dzina limene akudziwa kuti lilipo, monga Kasungu kapena Santhe. Likapezeka, ayatse mapu ena amodziamodzi, akuyesa dzina lomwelo, mpaka aone amene akusokoneza. Ngati kufufuza kukuvutabe mapu enawo atazimitsidwa, ndi bwino kukopera mafayilo onse pa kompyuta, kusiya imodzi yokha pa khadi, ndi kuyatsanso makinawo.

Ayeneranso kuonetsetsa dera limene makina akufufuzamo. Mbali ya Addresses imayamba yafunsa dziko ndi mzinda, ndipo ngati chipangizocho chinagulidwa ku Johannesburg chingakhale chikufufuzabe ku South Africa. Mbali zinanso zimayamba ndi malo oyandikana ndi pamene munthu waima, kotero wofufuza sukulu ya ku Chamama ali ku Lilongwe ayenera kuyamba wauza makinawo kuti afufuze pafupi ndi Kasungu.

Kalembedwe ka mayina

Makina sadziwa kuti "l" ndi "r" zimasinthana m'Chichewa, kapena kuti wina amaika "h" pamene mnzake saika. Amene analemba mapu angakhale analemba Mthunthama pamene wofufuza akulemba Mtunthama. Kachizindikiro ka pa "ng'" ndi chilembo cha "ŵ" nazonso zimasokoneza. Nzeru yake ndi kulemba zilembo zitatu kapena zinayi zoyamba zokha ndi kusankha pa mayina amene atuluka. Popeza midzi yambiri imatchedwa dzina la mfumu yake, ndipo dzina limodzi limapezeka m'madera angapo, munthu ayenera kuona mtunda umene makina asonyeza asanaliza njinga yamoto.

Kumudzi kulibe nambala ya nyumba

Mbali ya Addresses inapangidwira mizinda imene msewu uli ndi dzina ndipo nyumba ili ndi nambala. Kwa Kaomba, monga m'midzi yambiri m'dziko muno, keyala ya munthu ndi bokosi la ku positi la sukulu kapena tchalitchi, ndipo mlendo amalondoleredwa kuti akakhote pa chigayo kapena pa mjigo. Bungwe la Macra lakhala likuyendetsa ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba, koma inayambira m'mizinda. Mapu a OpenStreetMap, amene amalembedwa ndi anthu ongodzipereka kuyambira mu 2004, amakhala ndi zokhazo zimene wina anakhala pansi n'kulembamo. Choncho mudzi umafufuzidwa bwino pa Cities, ndipo sukulu kapena chipatala pa mndandanda wa malo odziwika.

Njira yodalirika kwambiri ndi kusunga malowo tsiku loyamba kufikako. Mlangizi akaima pa chigafa cha mlimi n'kusankha Mark Waypoint, makina amasunga manambala a pamenepo, ndipo dzina amalemba yekha. Malo osungidwa motere sadalira mapu alionse, ndipo angatumizidwe kwa dalaivala pa uthenga wa foni.

Potumiza manambalawo pafunika kusamala chinthu chimodzi. GPS imawerengera malo pa dongosolo la WGS 84, pamene mapu akale a pepala a boma anajambulidwa pa Arc 1950. Manambala amodzimodziwo angasiyane ndi mamita mazana angapo pa madongosolo awiriwa. M'dera la fodya limene minda ya alimi yagundana ndi maesiteti, kusiyana kotere n'kokwanira kuika munda wa munthu m'malire a mnzake. Wotumiza ndi wolandira ayenera kuyamba aona pa Position Format kuti makina awo onse ali pa dongosolo limodzi.