Chala cha GCC Chayambanso Kuloza

Kale ukalemba pulogalamu yaikulu ya C++ yoitana maheader ambirimbiri, compiler ya GCC inkayamba ntchito mwaulemu. Ukalakwitsa, inkatchula fayilo, mzere ndi malo enieni mumzeremo, n'kuika kachizindikiro ka ^ pansi pa cholakwikacho. Koma ikafika kutali, kachala kaja kankazimiririka. Inkangotchula mzere basi, zotsalazo udziwonere wekha. Zinali ngati mphunzitsi amene wachonga mulu wa makope mpaka kutopa, n'kuyamba kungolemba kuti "penapake apa palakwika".

Si zokhazo. Chenjezo la -Wmisleading-indentation, lomwe linabwera ndi GCC 6 mu 2016 kudzagwira zolakwika zonga "goto fail" ya Apple ya mu 2014, linkadzizimitsa lokha, chifukwa silingagwire ntchito popanda kudziwa pamene mawu ayambira mumzere. Compiler inkachita kulengeza kuti kuyambira pano yasiya kuyang'ana, code yachuluka!

Ambiri ankafufuza vuto m'code yawo, chonsecho gwero linali m'kati mwa GCC momwemo. Malo aliwonse mu code amapatsidwa nambala yotchedwa location_t, ndipo nambalayi inali ya mabiti 32 okha. Mzere uliwonse unkatenga gulu lonse la manambala, mamacro nawonso ankadya mbale yomweyo. Manambala akafika pafupifupi 1.6 biliyoni, GCC inkasiya kuwerenga malo a m'mzere kuti otsalawo akwanire mizere.

GCC 11 inabweretsa -flarge-source-files, yongochepetsako ululu, ndipo unkayenera kuikumbukira wekha. Mankhwala enieni anadza ndi GCC 15 mu Epulo 2025: location_t inakulitsidwa kukhala ya mabiti 64. Kumva choncho kukhala ngati angowirikiza kawiri, koma ayi ndithu, manambala achuluka kuposa kale maulendo oposa 4 biliyoni.

Lero tengani fayilo ya mizere yosawerengeka yolembedwa ndi makina, muiwale dala bulaketi kumapeto kwenikweni. GCC ikuuzani mzere, ikuuzani malo, kachala kali nji pansi pa cholakwikacho, ndipo chenjezo lija lili maso mpaka mzere womaliza. Chokhacho chimene tataya ndi chowiringula: code ikakana kuyenda, sitinganenenso kuti compiler sinatiuze.